Chifukwa chake sonar imanama ikafika pa phompho la m'damu

Usiku wa pa 9 Okutobala 1963, mbali ya phiri la Monte Toc, kumpoto kwa Italy, inagumuka n'kutsetserekera m'damu la Vajont. Miyala ndi dothi zokwana pafupifupi makiyubiki mita 260 miliyoni zinalowa m'madzi mphindi imodzi isanathe. Madziwo analumpha khoma la damu, natsikira m'chigwa, nasesa tauni ya Longarone. Anthu pafupifupi 2,000 anafa. Koma khomalo, lotalika mamita oposa 260, silinagwe, ndipo lilipo mpaka lero. Chimene chinalephera si simenti ayi, koma phiri limene linaviika mapazi ake m'madzi.

Sindikunena kuti makina amene tikambirane lerowa akanapulumutsa anthu a ku Longarone. Ming'alu ya phirilo inali itayamba kale kuoneka ndi maso, kungoti machenjezo sanamvedwe. Ndayambira ku Vajont kuti muone kuti damu si khoma lokha. Damu ndi chigwa chonse chimene chamizidwa, ndipo mbali za chigwacho zimapitirira kutsika pansi pa madzi, kumene maso athu safika.

Ndipo mbalizo nthawi zambiri zimakhala zotsetsereka kwambiri. Ainjiniya akamafuna malo omanga damu amasankha pamene mtsinje wapanikizika pakati pa mapiri, kuti khoma likhale lalifupi koma madzi osungidwa akhale ambiri. Khoma la Kariba, pa Zambezi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, ndi lotalika mamita 128. La Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndi la mamita 171. Onse awiri ali m'zigwa zopanikiza zamiyala. Ngakhale damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, lili pakati pa zitunda pamwamba pa phiri. Kuwonjezera apo, madzi a m'damu sakhazikika: ku Kariba amatha kukwera ndi kutsika ndi mamita 13 pakati pa mlingo wotsikitsitsa wopangira magetsi ndi mlingo wodzaza. Madzi akakwera amalowerera m'dothi la m'mbali. Akatsika msanga, dothilo limatsala lonyowa ndi lolemera, pamene madzi amene ankalichirikiza achoka. Apa m'pamene zigumukire zimayambira, ndipo kawirikawiri phazi la chigumukirecho limakhala pansi pa madzi.

Ndiye tingalione bwanji?

Kuona ndi makutu

Kamera sithandiza kwenikweni. Mwaonapo mtsinje wa Shire kapena Lilongwe nthawi ya dzinja, madzi ali katondo weniweni? Muviike dzanja, simuliona. Ngakhale madzi atayera bwanji, kuwala kumachepa kwambiri mukatsika mamita makumi angapo. Koma mawu amayenda bwino m'madzi kuposa mumpweya. Mumpweya liwiro lawo ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi. M'madzi ndi pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi. Amene anayamba kuyeza liwiro limeneli mwadongosolo ndi Daniel Colladon ndi Charles Sturm, pa nyanja ya Geneva mu 1826. Ankaliza belu pansi pa madzi nthawi yomweyo imene akuyatsa wonga, ndipo m'boti lina, makilomita angapo kutali, munthu ankawerenga nthawi pakati pa kuona moto ndi kumva belu. Anapeza mamita 1,435 pa sekondi m'madzi ozizirawo. Opanda kompyuta, opanda magetsi, koma anaphonya pang'ono chabe. Ine nkhani imeneyi imandisangalatsa nthawi zonse.

Sonar imagwira ntchito ngati mleme: imatulutsa kaphokoso, n'kumvetsera pamene kabwerere. Mtundu umene tikukambawu, side scan sonar, umayang'ana cham'mbali. Kachipangizo kake n'kooneka ngati nsomba yachitsulo, kotalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo eni ntchito amakatcha towfish chifukwa boti limakakoka ndi chingwe. Ine ndizingoti kansomba. M'nthiti zake zonse ziwiri muli timbale totulutsa mawu. Mawuwo satuluka mwachisawawa: amatuluka mopyapyala ngati tsamba la mpeni mukayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, koma motambasuka ngati chikupizo mukayang'ana m'mwamba ndi pansi. Kaphokoso kamodzi kamajambula kamzere kamodzi ka pansi pa madzi, kuchokera pafupi ndi kansomba mpaka kutali, kumanzere ndi kumanja. Boti likasendera, kaphokoso kena, kamzere kena. Kompyuta imasanja timizereto ndipo chithunzi chimatuluka.

Mawu ake simungawamve. Khutu la munthu limalekera pa 20 kHz, pamene makina ambiri otere amagwiritsa ntchito kuyambira 100 kHz mpaka 500 kHz, ena kupitirira apo. Mawu okwera kwambiri amaonetsa tinthu ting'onoting'ono koma safika patali. Otsikirapo amafika patali koma chithunzi chake chimakhala cha chimbuuzi. Makina a malonda a mtundu umenewu anayamba kufala m'zaka za m'ma 1960, ndipo mayina amene amatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi a Harold Edgerton wa ku MIT ndi Martin Klein.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Mukafuna kuona mamita 75 mbali iliyonse, mawu ayenera kupita ndi kubwera, ndiye mamita 150. Gawani ndi 1,500, mupeza sekondi 0.1. Choncho kansomba kangalire kakhumi kokha pa sekondi. Boti likamayenda mamita 2 pa sekondi, timizere timatalikirana masentimita 20. Mukathamangitsa boti, tinthu tating'ono tigwera pakati pa mizere, simutiona. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi yoyenda pang'onopang'ono, yotopetsa ndithu.

Chithunzi chake chimafanana ndi chimene dalaivala amaona usiku pa msewu wafumbi. Magetsi a galimoto ali m'munsi, ndiye kamwala kalikonse kamawala kutsogolo kwake n'kuponya mthunzi wautali kumbuyo, ndipo dzenje limaoneka bii. Pa sonar, mwala ndi chitsulo zimabweza mawu mwamphamvu, matope amawameza, ndipo kuseri kwa chinthu chotumphuka kumakhala mthunzi kumene mawu sanafike. Odziwa ntchito amawerenga mthunzi kuposa chinthu chenichenicho. Mwachitsanzo, kansomba kali mamita 10 kuchokera pansi, mthunzi wa mwala ndi wotalika mamita 8 ndipo ukuthera mamita 40 kuchokera pa kansomba. Msinkhu wa mwalawo ndi 8 kuchulukitsa ndi 10, kugawa ndi 40: mamita 2. Ndi similar triangles yomwe ija ya m'kalasi.

Makinawa amadziwa nthawi yokha basi

Apa mpofunika kumvetsetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Side scan sonar wamba simadziwa kumene mawu abwerera. Imangodziwa zinthu ziwiri: nthawi imene mawu atenga, ndi mphamvu imene abwerera nayo. Nthawiyo imaisandutsa kutalika. Ndiye imatha kukuuzani kuti "pali chinthu cholimba mamita 26 kuchokera pa ine, kudzanja lamanja". Koma ngati chili chapansi kwambiri, kapena cham'mbali, kapena pamwamba pang'ono, iyo sidziwa.

Kuti ijambule mapu, kompyuta imachita kuganizira. Imati: tiyerekeze kuti pansi pa damu ndi pathyathyathya ngati bwalo la mpira. Ikatero, zonse zimaphweka. Mawu oyamba kubwerera ndi ochokera pansi penipeni pa kansomba, tinene mamita 10. Mwala uja uli mamita 26 mopendekeka. Pythagoras: 26 kuchulukitsa ndi 26 ndi 676, kuchotsapo 100 ndi 576, ndipo square root yake ndi 24. Mwala uli mamita 24 cham'mbali. Pa nyanja ya mchenga wosalala yankho limeneli ndi loona.

Tsopano tipite m'chigwa chomizidwa. Boti likuyenda motsata gombe; kudzanja limodzi pansi pakutsika kulowera kumene kunali mtsinje, kudzanja linalo pakukwera kulowera ku gombe.

Tiyambe ndi mbali ya mtsetse. Tiyerekeze kuti mwala wathu uli mamita 10 okha cham'mbali, koma chifukwa cha phompho uli mamita 24 m'munsi mwa kansomba. Kutalika kopendekeka? Square root ya 100 kuphatikiza 576. Ndi 26 yomwe ija! Triangle ndi imodzimodzi, yangogona chammbali. Kompyuta, poti ikukhulupirira bwalo la mpira lija, iika mwalawo mamita 24 kuchokera pa mzere wa boti, pamene uli mamita 10. Yaphonya ndi mamita 14. Pa pepala zikuoneka zochepa. Koma taganizani katswiri wolowa pansi pa madzi amene watumidwa kukafuna munthu womira kapena kukaona paipi yotsekeka, m'madzi amene saona ngakhale chala chake, mpweya wa m'botolo ukutha. Mamita 14 kwa iye ndi ulendo wopita kwina.

Mbali ya mtsetse ilinso ndi vuto la mdima. Mawu amangopsepsa pansi, n'kupitirira, ndipo obwerera amakhala ochepa. Mithunzi imatalika mopitirira muyeso, ngati mthunzi wa munthu dzuwa likamalowa, kotero chitsa cha mtengo chimaoneka ngati chipilala. Mtsetse ukachita kunyanya, kamwala kamodzi ka pamphepete kamaphimba zonse za m'munsi mwake, ndipo theka la chithunzi limangoti bii.

Mbali ya chikweza ndiye yosokoneza zedi. Tengani pepala mujambule, chonde, chifukwa ndi mawu okha sizimveka bwino. Ikani kadontho: kameneko ndi kansomba. Mamita 10 pansi pake ikani A. Kuchokera pa A jambulani mzere wokwera madigiri 45 kupita kumanja. Pa mzerewo, pamene pafanana msinkhu ndi kansomba, ikani B. Mupeza kuti B ali mamita 10 cham'mbali kuchokera pa kansomba. Ndiye A ali mamita 10, B alinso mamita 10. Mawu ochokera kwa A ndi ochokera kwa B afika pa khutu la kansomba nthawi imodzi, ndipo kompyuta iwaika pa kadontho kamodzi ka chithunzi. Komatu pakati pa A ndi B pali chitunda chotalika mamita 14. Pakatikati pa chitundacho ndiye pafupi kwambiri ndi kansomba, mamita 7 okha. Izi zikutanthauza kuti chitunda chonse cha mamita 14 chapindidwa pakati ngati chitenje, theka la m'mwamba lagona pa theka la m'munsi, ndipo zonse zapanikizidwa m'kadera ka mamita 3, kuyambira 7 mpaka 10. Pa chithunzi pamangooneka mkwamba wowala mbee. Mng'alu ukhoza kukhalapo, mulu wa miyala yogumuka ukhoza kukhalapo, inu osaona kanthu.

Sizinathe. Mawu oyamba kubwerera tsopano achokera cham'mbali, pa mamita 7, osati pansi. Kompyuta iganiza kuti kansomba kali mamita 7 kuchokera pansi, ndipo masamu onse otsatira ayambira pa nambala yolakwika. Komanso chikupizo cha mawu chija amachiweramitsa dala kuti chiziyang'ana pansi, choncho gawo la chitunda limene lili pamwamba pa B silimenyedwa bwino ndi mawu. Ndipo kufupi ndi gombe, kumene madzi ndi osaya, mawu ena amagunda pansi, n'kugunda pamwamba pa madzi, n'kubwerera mochedwa, kubweretsa zithunzi za zinthu zimene kulibe.

Mwaonatu? Makina sanawonongeke. Ayeza nthawi molondola. Bodza lalowera pa kuganizira kuja.

Nanga amachita bwanji?

Choyamba n'chimene mlimi wa m'phiri amadziwa kale: mizere imatsata akalozera, simatsika ndi mtsetse. Boti liyenera kuyenda motsata mzere wa kuya kofanana, ma contour a pa mapu a Jogalafe aja. Likatero kansomba kamakhala pa msinkhu umodzi kuchokera pansi. Lamulo lozolowereka ndi lakuti msinkhuwo ukhale pakati pa 10 ndi 20 peresenti ya kutalika kumene mukufuna kuona, ndiye mamita 75 amafuna kansomba kakhale mamita 8 mpaka 15 kuchokera pansi. Mukayenda molunjika ku gombe, pansi pamakwera mofulumira kuposa mmene mungakulungire chingwe, ndipo kansomba ka ndalama zambirimbiri kakagunda mwala. Kuti mudziwe kumene ma contour akudutsa muyenera kuyamba mwayeza kuya ndi echo sounder wamba, kapena kupeza mapu akale a chigwacho madzi asanabwere. Mapu akalewo ndi chuma, ngakhale matope amakhala atasintha zina.

Chachiwiri ndi kupendeketsa. Ngati vuto ndi lakuti pansi papendekeka, pendeketsaninso makinawo. M'malo mokoka kansomba ndi chingwe, amakamangirira pa chitsulo m'mbali mwa boti n'kukatembenuza mpaka chitunda chikhale ngati "pansi" pake. Kwa kansombako, bwalo la mpira labwerera. Poyang'ana khoma loimirira, monga nkhope ya damu kapena doko, amatha kukatembenuza madigiri 90. Njira imeneyi ine ndimaikonda chifukwa sifuna makina atsopano, imangofuna munthu womvetsa triangle.

Chachitatu ndi kubwereza. Malo amodzi amawajambula kuchokera kumtunda, n'kuwajambulanso kuchokera kwakuya, ndipo mizere ya boti amaiyandikanitsa kuti zithunzi zilowane. Chinthu chenicheni chimaoneka paliponse. Mthunzi ndi zithunzi zabodza zimasuntha mukasintha poimira. Pa phompho nthawi zambiri amataya zimene mbali imodzi yajambula, n'kusunga za mbali imene yaona bwino.

Ndiye pali zovuta zina zimene masamu sangathetse. Mitengo. Aliyense amene anaonapo zithunzi za Kariba amadziwa mitengo youma ija yotuluka m'madzi, yomizidwa kuyambira pamene nyanjayi inayamba kudzaza kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Imene mukuionayo ndi ya m'malo osaya. Ina ili pansi, chiimire. Chingwe chikakola pa nthambi, kansomba katsala komweko. Palinso kutentha. Nyengo yotentha madzi a pamwamba amafunda, a pansi amakhala ozizira, ndipo pakati pamakhala malire. Mawu amathamanga kwambiri m'madzi ofunda, kusiyana kwake ndi pafupifupi mamita 3 pa sekondi pa digiri iliyonse. Akadutsa malirewo amakhota, monga mmene supuni imaonekera yothyoka m'tambula ya madzi, ndipo chithunzi chimachita timizere tokhotakhota kumapeto. Mankhwala ake ndi kutsitsa kansomba pansi pa malirewo, komwenso ndi kufupi ndi mitengo ija. Zovuta eti?

Njira yokhalitsa ndi kupatsa makina khutu lachiwiri. Inu mumadziwa kumene galu akuuwira chifukwa mawu amafika pa khutu limodzi msanga pang'ono kuposa linzake. Sonar zina zatsopano zili ndi mizere ingapo ya timakutu m'nthiti iliyonse, ndipo poyerekeza kafikidwe ka mafunde a mawu pa timakututo zimapeza ngodya imene mawu achokera. Multibeam echo sounder imapita patsogolo: imagawa chikupizo chija m'timipata mazanamazana, kalikonse ndi ngodya yake. Mukadziwa kutalika ndi ngodya yomwe, simufunikanso kuganizira za bwalo la mpira. A ndi B amasiyana. Mapu a kuya amene atulukawo amathanso kupatsidwa kwa kompyuta ya side scan kuti iwongole chithunzi chake pogwiritsa ntchito pansi penipeni.

Tsono bwanji osangotaya side scan? Mtengo, choyamba. Multibeam imafuna zida zina zoyeza kugwedezeka kulikonse kwa boti ndi GPS yolondola kwambiri, komanso anthu ophunzira bwino. Chachiwiri, kansomba kamatsika kufupi ndi pansi, ndipo chithunzi chake cha mithunzi chimaonetsa tinthu monga chingwe, thayala kapena malire a mchenga ndi matope momveka bwino. Multibeam imakuuzani maonekedwe a malo, side scan imakuuzani zimene zagonapo. Pa ntchito yaikulu amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo akaona chokayikitsa amatsitsa kaloboti kokhala ndi kamera kapena munthu kuti akakhudze.

Pali malo ena amene side scan yokokedwa singathandize n'komwe. Kunsi kwa khoma la Kariba, madzi otuluka pa zitseko zisanu ndi chimodzi za damu anakumba m'mwala dzenje lakuya pafupifupi mamita 80, ndipo panali nkhawa kuti likapitirira kukumbika lidzafika ku maziko a khoma. Dzenje lotero ndi phompho mbali zonse: kulikonse kumene kansomba kangayang'ane, chitenje chija chipindika. Bungwe la Zambezi River Authority, limene limayang'anira damuli, linachita kutchinga mtsinje, kupopa madzi a m'dzenjemo ndi kuswa miyala kuti dzenjelo litambasuke, mphamvu ya madzi izithera kutali ndi khoma.

Kwathu kuno mdani wamkulu wa madamu ndi matope ochokera m'minda ndi m'mapiri odulidwa mitengo, monga amene amadzaza maiwe a malo opangira magetsi pa Shire, ku Nkula ndi ku Kapichira. Matope nawo amaunjikana n'kupanga chitunda chawochawo pansi pa madzi, chokhala ndi mphumi yotsetsereka imene imasendera pang'onopang'ono kulowera kumene madzi amalowera m'makina. Woyeza mphumi imeneyo amakumana ndi masamu omwewa.

Nayi ntchito yoti muyese musanagone. Kansomba kali mamita 15 kuchokera pansi. Kakumva chinthu pa mamita 39, mbali ya mtsetse. Kompyuta ichiika mamita angati cham'mbali? Kenako mwauzidwa kuti echo sounder yapeza kuti chinthucho chili mamita 36 m'munsi mwa kansomba. Chili pati kwenikweni, ndipo wolowa m'madzi akanasochera ndi mamita angati?